Santorini: midzi yoyera yomangidwa pamlomo pa phiri la moto

Sitima yapamadzi yochokera ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens ku Greece, ikamafika ku Santorini imadutsa pampata wa pakati pa zilumba ziwiri, kenaka imapezeka ili m'nyanja yozunguliridwa ndi makoma a thanthwe. Makomawo m'malo ena ndi aatali mamita 300, ndipo ali ndi mizeremizere, wina wakuda, wina wofiira, wina wotuwa, wapamwamba penipeni woyererako. Pamlomo pa phompholo pamaoneka chinthu choyera mbee ngati ufa woyanikidwa pathanthwe. Sitima ikasendera ndi pamene maso amazindikira kuti ufawo ndi nyumba, mazanamazana, zoberekana, zina zitakangamira paphompho ngati zisa za anamzeze.

Ndi ochepa mwa okwera sitimayo amene amadziwa kuti panthawiyo akuyandama m'kamwa mwa phiri la moto. Nyanja yozunguliridwayo ndi dzenje limene linatsala phiri litaphulika n'kudzigwera m'kati, madzi a m'nyanja ya Aegean n'kukhuthukiramo. Akatswiri a miyala amalitcha caldera. M'litali ndi makilomita pafupifupi 12, m'lifupi 7, ndipo kuya kwake kumayandikira mamita 400, moti sitima zikuluzikulu za alendo sizipeza poponya nangula m'malo ambiri. Zimaima patali, anthu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono.

Zithunzi za Santorini zafika paliponse, pa makalendala, pa Facebook, pa makadi oitanira anthu ku ukwati: tchalitchi choyera cha denga lozungulira la buluu, kumbuyo kwake nyanja. Zithunzizo sizinama, malowo ndi okongoladi. Koma pafupifupi chilichonse chokongola pachilumbachi chinabadwa m'mavuto, m'moto wa pansi pa nthaka, m'ludzu, m'mphepo, m'mantha oopa achifwamba a panyanja ndi mu umphawi. Ndikufuna wowerenga adziwe zimenezi, chifukwa munthu wozidziwa amaona zambiri pamudzi uliwonse kusiyana ndi amene wangobwera kudzajambula dzuwa likulowa.

Chilumbachi chili m'gulu la zilumba za Cyclades, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Greece wa kumtunda ndi oposa 100 kumpoto kwa chilumba cha Crete. Chilumba chachikulu n'chopindika ngati mwezi wongokhala kumene, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 76, ngati kuphatikiza zilumba za Likoma zinayi. Anthu okhazikika ndi pafupifupi 15,500. Moyang'anizana nacho pali Thirasia ndi kachilumba kopanda anthu ka Aspronisi, zidutswa za mkombero womwewo, ndipo pakati penipeni pa dzenje pali milu iwiri yakuda, Palea Kameni ndi Nea Kameni, kutanthauza chopserera chakale ndi chopserera chatsopano. Pa tikiti ya ndege kapena ya sitima dzina lolembedwa kawirikawiri ndi Thira, lomwe ndi la boma. Loti Santorini linachokera kwa azungu a Chilatini amene ankalamulira zilumbazi m'zaka za m'ma 1200, potchula tchalitchi cha Santa Irini, Irene Woyera.

Moto umachokera kuti

Kumwera kwa Crete, pansi pa nyanja, chigawo cha nthaka chimene chanyamula Africa chikulowa pansi pa chigawo cha Aegean, masentimita ochepa pachaka. Thanthwe lomiralo likafika kozama limatulutsa madzi amene linamwa, madziwo n'kuchititsa miyala yotentha ya pamwamba pake kusungunuka. Chiphalaphala chimenechi chimakwera n'kudzikundika m'mimba mwa nthaka. N'chifukwa chake pali mzere wa mapiri a moto wokhota ngati uta, kuyambira ku Methana, kudzera ku Milos ndi Santorini, mpaka ku Nisyros kufupi ndi Turkey. Chiphalaphala cha kuno chimakhala cholimba komanso chodzaza ndi mpweya. Aliyense amene anaphikapo nsima amadziwa kuti phala lamadzimadzi limawira mofatsa, koma likayamba kulimba limathovoka n'kukulavulira pamkono. Phiri la Santorini limachita chimodzimodzi, ndipo lakhala likudzimanga, kuphulika, kugwa n'kudzimanganso kwa zaka mazana a zikwi. Mizere ija ya pakhoma, uliwonse ndi chotsalira cha kuphulika kwina.

Mzere woyera wa pamwamba ndi wa kuphulika kumene kunachitika cha m'ma 1600 Khristu asanabadwe, kumodzi mwa kuphulika kwakukulu kwambiri kumene anthu anakuonapo. Utsi ndi phulusa zinakwera makilomita oposa 30 m'mwamba. Kunagwa miyala yopepuka yodzaza timabowo, yoti ukaiponya m'madzi imayandama, ndipo kenaka mitambo yotentha ya phulusa ndi mpweya inasesa chilumba chonse. M'malo ena zinthu zimenezi zinaunjikana mamita mpaka 60. Mafunde aakulu anafika kugombe la Crete, ndipo phulusa lake limapezeka ku Rhodes ndi kumadzulo kwa Turkey. Mimba ya phiri itakhuthuka, denga lake linalibenso chochirikiza, linagwa.

Chaka chenicheni akatswiri amakanganabe. Mu 2002 panapezeka nthambi ya mtengo wa azitona imene inakwiriridwa yamoyo m'phulusalo, ndipo atayeza zaka zake anapeza pakati pa 1627 ndi 1600 Khristu asanabadwe. Ofukula zakale ena, poyerekeza miphika ndi zinthu za ku Egypt, amati kunali m'zaka za m'ma 1500 Khristu asanabadwe. Mkanganowu suli wachabe. Phulusa la Santorini lili ngati chingwe choyalidwa m'nthaka ya maiko angapo, ndiye ukasuntha chaka chake wasunthanso zaka za mafumu ndi mizinda ya kum'mawa konse kwa nyanja ya Mediterranean.

Mzinda wa pansi pa phulusa

Phulusa la Santorini likasakanizidwa ndi njereza limapanga simenti youma ngakhale m'madzi. M'zaka za m'ma 1860, pamene ngalande ya Suez inkakumbidwa ku Egypt, zombo zinkabwera kudzatuta dothili, ndipo okumba ku Thirasia anagunda makoma a nyumba pansi penipeni pa phulusa. Katswiri wa miyala wa ku France, Ferdinand Fouqué, anafufuzako pang'ono, nkhaniyo n'kuzirala. Anadzaidzutsa ndi Spyridon Marinatos, Mgiriki wofukula zakale, amene mu 1939 analemba kuti kuphulika kwa phirili ndi kumene kunagwetsa ufumu wakale wa ku Crete. Mu 1967 anayamba kukumba pafupi ndi mudzi wa Akrotiri, kumwera kwa chilumba, ndipo posakhalitsa anapeza mzinda wathunthu. Iye anafera pamalo pomwepo mu 1974, ntchito n'kupitirizidwa ndi Christos Doumas. Maganizo ake okhudza Crete anadzapezeka kuti sakukwanira, popeza nyumba zachifumu za kumeneko zinakhalapobe mibadwo ingapo phiri litaphulika. Komabe zimene anafukulazo n'zoposa zimene ankafuna kutsimikiza.

Ine ndimati amene wafika ku Santorini osalowa mu Akrotiri wabwerera panjira. Pansi pa denga lalikulu lotchinga dzuwa, munthu amayenda m'misewu ya zaka 3,600 zapitazo. Nyumba ndi zosanjikizana kawiri kapena katatu, zamawindo ndi masitepe amiyala. Pansi pa misewu pali ngalande zotayira madzi oipa, ndipo m'nyumba ina muli chimbudzi m'chipinda cham'mwamba, cholumikizidwa ku ngalandezo ndi mapaipi adothi. Mitsuko ikuluikulu idakali pomwe eni ake anaisiya, ina itasunga zotsalira za barele ndi nyemba. Matabwa anaola kalekale, koma anasiya mphako m'phulusa, ndipo ofukula atathiramo pulasitala munatuluka maonekedwe a bedi ndi a tebulo losemedwa bwino.

Makoma a m'kati anali ndi zithunzi zopakidwa pa pulasitala: mnyamata wonyamula mipukutu ya nsomba m'manja monse, ana awiri akumenyana nkhonya, akazi akuthyola maluwa a safironi paphiri, anamzeze akuuluka pamwamba pa maluwa ofiira, zombo zambiri zikuchoka kudoko lina kupita ku lina. Pali khoma lina la apusi a buluu akukwera matanthwe, chonsecho m'zilumba za Aegean mulibe apusi. Wojambulayo anawadziwa bwino mayendedwe awo, umboni woti anthuwa ankafika kutali kapena ankalandira za kutali, ku Egypt ndi kupitirira. Zina mwa zithunzizi zili m'nyumba yosungira zakale ya ku Fira, likulu la chilumbachi, zina ku Athens.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'choti m'mabwinja amene afukulidwa simunapezeke mafupa a anthu ophedwa ndi phirilo, ndipo zodzikongoletsera zamtengo wapatali n'zochepa zedi. Chinatsala n'kambuzi kam'tchire kagolide kamene kanapezeka mu 1999 m'kabokosi kadothi. Zizindikiro zimaonetsa kuti kunayamba kwachitika chivomezi, anthu n'kutuluka, kenaka n'kubwerera kudzaunjika zogumuka pambali ndi kuyamba kukonza makoma. Mabedi ena anawatulutsa panja n'kuwasanjika. Ndiye phulusa loyamba litayamba kugwa anatenga zimene akanatha kunyamula, n'kuchoka. Anthu ambiri amakonda kugwirizanitsa Santorini ndi nthano ya chilumba chomira cha Atlantis, imene analemba Mgiriki wakale Plato, ndipo dzinali mulipeza pa zikwangwani za mahotela. Kwa ine mabedi osanjikidwa panja aja akulankhula zambiri kuposa nthanoyo.

Chilumba chinakhala bwinja kwa nthawi yaitali. Cha m'ma 800 Khristu asanabadwe Agiriki a fuko la Dorian anamanga mzinda wa Thera pamwamba pa phiri la Mesa Vouno, ndipo mabwinja ake alipo mpaka lero pamwamba pa magombe a mchenga wakuda a Kamari ndi Perissa. Wolemba mbiri Herodotus anasimba kuti kunagwa chilala cha zaka 7, mitengo yonse n'kuuma kupatula umodzi, ndipo anthu anachita maere kusankha amuna oti akafune malo kutsidya la nyanja. Anakafika ku Libya, kumene cha m'ma 631 Khristu asanabadwe anakhazikitsa mzinda wa Cyrene. Ndi Kurene yemwe uja wa m'Baibulo, kwawo kwa Simoni amene anasenzetsedwa mtanda wa Yesu.

Chifukwa chake midzi inamangidwa chonchi

Kuyambira 1207 zilumbazi zinali m'manja mwa mabanja a ku Venice, mzinda wa ku Italy, mpaka Aturuki a ufumu wa Ottoman anazitenga m'zaka za m'ma 1500. M'zaka zonsezo mdani wamkulu anali achifwamba a panyanja, amene ankaba katundu ndi kugwira anthu ukapolo. Anthu anamanga midzi isanu ya malinga: Skaros, Pyrgos, Emporio, Akrotiri ndi wina pamene pali mudzi wa Oia lero. Nyumba zinkagundana mozungulira, makoma ake akunja n'kukhala linga, khomo lolowera n'kukhala limodzi lotsekedwa usiku. Tinjira topapatiza ta ku Emporio ndi ku Pyrgos, toti anthu awiri sangayende mogundana mapewa, tokhotakhota n'kudutsa pansi pa nyumba za anthu, tinapangidwa kuti mlendo woipa asochere. Skaros, thanthwe lotulukira m'nyanja kumunsi kwa mudzi wa Imerovigli, ndilo linali likulu. Zivomezi zitaligwedeza kambirimbiri, achifwambanso atachepa, anthu anasamukira ku Fira, limene ndi likulu lero. Ulamuliro wa Venice unasiyanso Akatolika ochepa pakati pa Akhristu a Orthodox, ndipo ku Fira kuli matchalitchi akuluakulu a mipingo yonse iwiri.

Pachilumbachi palibe nkhalango, kotero mitengo ya denga kunalibe. Amisiri anaphunzira kupinda denga ngati uta pogwiritsa ntchito miyala yopepuka ija ndi dothi la phulusa losakaniza njereza. Osauka sanamange n'komwe, anakumba. Phulusa louma la paphompho ndi lofewa pokumba koma silikugwa wamba, ndiye munthu ankaboola mphanga yaitali yopapatiza, kutsogolo n'kuikako khoma lokhala ndi chitseko ndi timawindo. Nyumba zimenezi amazitcha yposkafa. M'chilimwe mumazizira bwino, m'nyengo yozizira mumafunda. Denga la wina ndi bwalo la mnzake wa kumtunda, ndipo bwalo lililonse linkapendekeka kuti madzi a mvula atsikire m'chitsime chokumbidwa pansi pa nyumba, chifukwa chilumbachi chilibe mtsinje ngakhale umodzi. Njereza yoyera ija inali yotchipa, imabweza kutentha kwa dzuwa, komanso inkayeretsa malo odutsa madzi akumwa.

Oia, amene eni ake amatchula kuti Ia, ali kunsonga ya kumpoto ndipo ndiye mudzi wojambulidwa kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 unali mudzi wa amalinyero, wokhala ndi zombo zamatanga zoposa 100 zimene zinkachita malonda mpaka ku Russia ndi ku Alexandria. Mamangidwe ake amaonetsa poyera amene anali ndani. Eni zombo ndi akapitawo anamanga nyumba zazikulu zosanjikizana pamalo athyathyathya pamwamba, zamiyala yofiira ndi yakuda. Amalinyero wamba ankakhala m'mphanga za paphompho. Alimi anali kuseri, ku Finikia, pafupi ndi minda. Lero mphanga za amalinyero zija ndizo zipinda zodula kwambiri pachilumba chonse, zina zili ndi kadziwe kosambiramo pakhonde, ndipo mabanja ambiri amene anazikumba anagulitsa kale. Matchalitchi ang'onoang'ono ambirimbiri aja, ochuluka mwa iwo anamangidwa ndi mabanja, ena pokwaniritsa lonjezo la munthu amene anapulumuka namondwe panyanja. Banja limasamalira tchalitchi chake, ndipo pa tsiku la woyera mtima wake limaphika chakudya n'kudyetsa onse obwera.

Mpesa wolukidwa ngati nkhata

Mvula ya ku Santorini sifika mamilimita 400 pachaka, yosakwana theka la imene Lilongwe imalandira, ndipo imagwa m'miyezi yozizira pamene mbewu zambiri sizikukula. M'chilimwe kumaomba mphepo yamphamvu ya kumpoto yotchedwa meltemi, youlutsa mchenga wakuthwa. Munthu angaganize kuti apa sipangamere kanthu. Koma poyenda pa basi kuchoka ku Fira kupita ku Megalochori, m'mbali mwa msewu mumaoneka zitsamba zobiriwira zogona pansi, motalikiranatalikirana. Imeneyo ndi minda ya mpesa.

Mlimi wa kuno samangira mpesa pa mitengo kapena pa waya. Amatenga nthambi zake n'kuzipota mozungulira, chaka ndi chaka, mpaka zitakhala ngati nkhata yaikulu yosenzera mtsuko, itakhala pansi. Amaitcha kouloura. Mphesa zimalendewera m'kati mwa nkhatayo, masamba n'kuziphimba pamwamba, motero mphepo ndi dzuwa sizizipweteka. Usiku nkhungu imakwera kuchokera m'dzenje la nyanja lija, miyala ya timabowo n'kumwa chinyezi, ndipo mpesa umapeza pamenepo madzi ake. Sathirira, kupatula mbande zongobzalidwa. Ntchito yonse ndi ya manja, munthu atawerama kapena atagwada, ndipo zokolola pa hekitala n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi minda ya kwina.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachilombo kotchedwa phylloxera kanawononga mizu ya mpesa pafupifupi mu Ulaya monse, alimi n'kuyamba kulumikiza mpesa wawo pa mizu ya ku America. Ku Santorini kachilomboka kanalephera, chifukwa sikakhala m'dothi la phulusa lopanda makande. Nkhata ikakalamba mlimi amaidula patsinde, muzu womwewo n'kuphukanso, moti pali mizu imene yakhala m'nthaka zaka mazana angapo. Mtundu waukulu wa mphesa ndi Assyrtiko, umene umatulutsa vinyo woyera wowawasa bwino, wokhala ngati muli kamchere. Mphesa zina amaziyanika padzuwa masiku angapo asanazifinye, n'kupanga vinyo wotsekemera wa Vinsanto, amene zombo za ku Oia zinkapita naye ku Russia, kumene ankagwiritsidwanso ntchito pa mgonero m'matchalitchi a Orthodox.

Ludzu lomwelo ndi limene limakometsa zakudya zina za pachilumbachi. Fava ndi kanyemba kachikasu kamene amachotsa makoko n'kuphika mpaka kuphwanyika, ndipo Mmalawi akaiona m'mbale anganene kuti ndi chipere. Amathirapo mafuta a azitona ndi anyezi. Mbewu yake yomweyi inapezeka m'mitsuko ya ku Akrotiri. Pali tomato waung'ono wa khungu lolimba, wotsekemera chifukwa chosowa madzi, amene amamusakaniza ndi ufa ndi timasamba tonunkhira n'kukazinga ngati zitumbuwa. M'zaka za m'ma 1900 tomatoyu anali chuma cha chilumba, mafakitale angapo m'mbali mwa nyanja ankamuphika n'kumuika m'zitini. Onse anatsekedwa kupatula ya alimi ogwirizana, ndipo ina ya ku Vlychada anaisandutsa nyumba yoonetsera mbiri ya ntchitoyo.

M'mamawa wa pa 9 Julayi 1956 kunachitika chivomezi champhamvu yoposa 7.5 pafupi ndi chilumba cha Amorgos. Anthu 53 anafa, ambiri mwa iwo a ku Santorini, ndipo nyumba mazanamazana zinagwa. Malonda a zombo zamatanga anali atatha kale chifukwa cha sitima za injini, ndiye chivomezichi chinangomaliza. Mabanja ambiri anasamukira ku Piraeus ndi ku Athens, ndipo Oia anatsala mudzi wa mabwinja ndi nkhalamba. M'zaka za m'ma 1970 bwalo la ndege linatsegulidwa, ndipo bungwe la boma loona za alendo linayamba kubwereka nyumba zakugwa za ku Oia, kuzikonza mosasintha mamangidwe ake, n'kumagonekamo alendo. Santorini wa pa makalendala anayambira pamenepo. Sanakwanitse n'komwe zaka 60.

Katundu wolemera pa chilumba chaching'ono

Tsopano pachaka pamabwera alendo oposa 3 miliyoni. Vuto lalikulu ndi sitima zikuluzikulu zoyendayenda ndi alendo, zimene zimafika m'mawa zingapo nthawi imodzi, kutsitsa anthu zikwizikwi kwa maola ochepa, onse n'kulunjika ku Fira ndi ku Oia. Mu Julayi 2024 kunali tsiku limene ankayembekezera anthu 17,000 otsika m'sitima zotere, kuposa eni chilumba onse. Kuyambira 2025 malire ndi anthu 8,000 patsiku, ndipo aliyense wotsika m'miyezi ya alendo ambiri amalipira mayuro 20. Madzulo ku Oia, pa bwinja la linga lakale, anthu amapanikizana moti kuyenda kumavuta, ena n'kumakwera pa madenga a nyumba za eni ndi a matchalitchi pofuna chithunzi chabwino. Eni mudzi anachita kukhoma zikwangwani zokumbutsa kuti pano ndi pakhomo pa anthu.

Zitsime za pansi pa nyumba sizingamwetse khamu lotere, kotero madzi ambiri tsopano ndi a m'nyanja osefedwa mchere ndi makina odya magetsi ambiri, ndipo akumwa ambiri amabwera m'mabotolo. Munda wa mpesa umene umapatsa mlimi ndalama zochepa atagwira ntchito yowerama chaka chonse, akaugulitsa kwa womanga hotela amalemera tsiku limodzi, ndiye minda ikuchepa. Sindingamuweruze mlimi wotere, koma muzu wa zaka 300 ukazulidwa palibe ndalama imene ingaubwezere. Aphunzitsi, madokotala ndi antchito a m'mahotela amavutika kupeza nyumba ya lendi, popeza chipinda chilichonse chimapindula kwambiri chikagonekedwa mlendo. Pansi pa dzenje la nyanja pagonanso sitima ya Sea Diamond, imene inagunda mwala n'kumira mu Epulo 2007, anthu awiri a ku France n'kusowa, ndipo mpaka lero sinavuulidwe ngakhale eni chilumba akhala akudandaula za mafuta ake.

Palinso nkhani ya abulu ndi nyulu. Kuchokera kudoko lakale kukwera ku Fira pali masitepe pafupifupi 600, ndipo kale ziwetozi ndizo zinkanyamula chilichonse. Zikugwirabe ntchito yonyamula alendo padzuwa, ngakhale kuti kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pali ngolo zoyenda pa chingwe zimene zimakwera phompholo m'mphindi zochepa. Mu 2018 boma linaletsa kusenzetsa chiweto katundu woposa makilogalamu 100. Amene ali ndi miyendo yabwino akwere yekha, amene alibe akwere ngolo ya chingwe.

Wofuna kuchiona bwino chilumbachi agonepo masiku atatu kapena anayi, makamaka mu Epulo, Meyi kapena Okutobala. Kuchokera ku Athens ndege imatenga nthawi yosakwana ola limodzi, sitima maola 5 mpaka 8, ndipo wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Alawirire m'mamawa kuyenda wapansi njira ya makilomita 10 yochoka ku Fira, kudzera ku Firostefani ndi Imerovigli, kutsata mlomo wa phompho mpaka ku Oia, atanyamula madzi chifukwa mthunzi kulibe. Masana, pamene khamu lili ku Oia, apite ku midzi ya m'kati. Ku Megalochori kuli nyumba zakale zofinyiramo vinyo zokumbidwa pansi, ku Vothonas mudzi wonse uli m'chigwa chokumbidwa mphanga mbali zonse ziwiri, ndipo kumtunda kwa Pyrgos kuli phiri la Profitis Ilias, lalitali mamita 567, lomwe ndi thanthwe lakale limene linalipo mapiri a moto asanabadwe. Pa Lachisanu Loyera la mpingo wa Orthodox anthu a ku Pyrgos amayatsa moto m'zitini zikwizikwi zoikidwa pa makoma ndi pa madenga, mudzi wonse n'kuyaka pamene mwambo wa maliro a Yesu ukuzungulira m'tinjira tija.

Phirilo silinafe

Milu iwiri yakuda ya pakati pa dzenje ndi phiri lomwe lija likudzimanganso. Olemba akale anasimba za chilumba chimene chinatumphuka m'nyanja mu 197 Khristu asanabadwe. Nea Kameni anayamba kuoneka mu 1707, ndipo anakula ndi kuphulika kwa 1866 mpaka 1870, kwa 1925 mpaka 1928, kwa 1939 mpaka 1941, ndi komaliza kwa 1950. Kuphulika konseku kunali kwakung'ono. Choopsa kwambiri chili kunja kwa mkombero, makilomita pafupifupi 7 kumpoto chakum'mawa, kumene pansi pa nyanja pali phiri lina lotchedwa Kolumbo. Linaphulika mu 1650, mpweya wake wapoizoni n'kupha anthu pafupifupi 70 ndi ziweto zambiri pa Santorini, ndipo anthu anaitcha nyengoyo nthawi ya choipa.

Mu 2011 ndi 2012 zipangizo zinaonetsa kuti chiphalaphala chatsopano chalowa pansi pa dzenje, nthaka n'kutukuka masentimita angapo, kenaka kunakhalanso bata. Chakumapeto kwa Januwale 2025 kunayamba zivomezi zotsatizana pakati pa Santorini ndi Amorgos, zikwizikwi m'masabata ochepa, chachikulu cha mphamvu 5.3. Sukulu zinatsekedwa, boma linalengeza kuti chilumba chili pangozi, ndipo anthu oposa 10,000 anachoka pa sitima ndi pa ndege. Palibe amene anafa, ndipo pofika Malichi ambiri anali atabwerera. Koma masabata amenewo anaonetsa poyera pamene pali chiopsezo. Doko lalikulu la Athinios lili patsinde pa phompho, msewu wake ndi umodzi wokhotakhota pansi pa matanthwe otha kugumuka, ndipo izi zinachitika mu Febuluwale, pachilumba pali anthu ochepa. Mahotela ambiri atsopano akhala pamlomo penipeni pa phulusa lofewa. Zitatha izi boma linalankhula zomanga doko lina lothawirapo.

Tsiku lililonse m'nyengo ya alendo maboti amachoka kudoko lakale la Fira kupita ku Nea Kameni. Munthu amatsika pamiyala yakuda yakuthwa n'kukwera kanjira kafumbi kwa mphindi 20 kapena 30. Pamwamba pamanunkha sulufule, timing'alu tina timatulutsa nthunzi, miyala ya m'mbali mwake ili yachikasu, ndipo ukafukula dothi pang'ono n'kuikapo dzanja umamva kutentha. Pakati pa miyalayo akatswiri anaikapo zipangizo zoyeza kugwedezeka kwa nthaka ndi mpweya wotuluka, zimene zimatumiza uthenga usana ndi usiku. Ukatembenuka, midzi yonse ija ikuoneka pamkombero, Akrotiri kumwera, Fira ndi Imerovigli kum'mawa, Oia kumpoto, Manolas wa ku Thirasia kumadzulo. Mwala umene waupondawo ndi nthaka yatsopano kwambiri m'dera lonse la kum'mawa kwa Mediterranean, ndipo ku Fira kudakali okalamba amene anaona utsi wake ukukwera mu 1950, iwo ali ana.